Makina Osokera a Amayi Abwerere Kuno

Tembisa, ku Joni
Lachiwiri, 11 Novembala

Okondedwa achimwene a Yonasi,

Ndayamba ndi moni kwa inu, alamu anga ndi ana onse. Muli bwanji kumeneko? Nanga amayi, mwendo uja ukuwalolabe kufika kutchalitchi? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi.

Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba. Foni yanga ija anaitenga apolisi chifukwa inagulidwa ndi kampani ya abwana, ndipo kafoni kamene ndikugwiritsa ntchito pano sindikukakhulupirira. Kalatayi ndapatsira a Chipwatali, a thiransipota aja amene amakubweretserani katundu. Muiwerenge nokha, ngakhale maso akuvuteni. Musaipereke kwa ana kuti akuwerengereni.

Nkhani ndi ya makina osokera amene ali m'nyumba mwa amayi. Makina amenewo achoke m'nyumbamo Loweruka likubwerali. Pansi pake pali chinthu chimene anthu oipa mtima akuchifuna, ndipo akachilondola adzapeza amayi ali okha pakhonde, inu muli kudimba. Ndikudziwa kuti mumanena kuti Elube amada nkhawa ndi mvula imene sinabwere. Ulendo uno mvetserani kaye mpaka ndimalize.

Tshiamo, bwana wanga, mumamudziwa ndi dzina lokha. Ndinalowa ntchito kwa mayi ake, malemu Mme Seipati, ku Vosloorus, iye ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ndine ndinkamuchapira yunifolomu. Ndine ndinkamubisira magwinya awiri, mandasi a kuno, m'kabati kuti mng'ono wake Kutlwano asamalize onse. Anali mwana wochenjera, wokonza mafoni a anthu a mumsewu wonse asanamalize n'komwe sekondale. Atamaliza maphunziro analembedwa ntchito ku banki, mayi ake n'kuvina pabwalo. Patatha zaka zitatu anaisiya ntchitoyo, n'kukhala m'galaja ndi makompyuta awiri, ati akutsegula msika wa kiripito.

Kiripito ndi ndalama za pa intaneti, zosagwirika ndi manja. Mukuwadziwa anyamata osintha ndalama pa chipata cha Dedza aja? Ntchito yake inali yomweyo, kungoti iye ankasinthira pa foni. Umam'patsa marandi ako enieni, iye n'kukuonetsa manambala pa foni kuti chuma chako ndi ichi, akukusungira, ndipo chikukula. Ine ndinalekezera Sitandade 4, choncho sindinafunse zambiri. Ndinkangoona kuti mwana akudya bwino.

Zinamuyendera mofulumira moopsa. M'zaka zisanu anali ndi maofesi ku Sandton, antchito odzaza mabasi awiri, ndipo nkhope yake inali pa zikwangwani zazikulu za mumsewu wopita ku bwalo la ndege. Ankalankhula pa wailesi m'Chisutu ndi m'Chizulu, ati nthawi yakwana yoti munthu wakuda asiye kupemphetsa ku banki. Anakwatira, anagula nyumba ya kumpanda kwa alonda, n'kunditenga ine. Alendo akabwera ankandiitana pabalaza ndili ndi epuloni, n'kumati, “Awa ndi Mama Elube a ku Malawi, anandilera ndi awa. Amalawi saba. Mutha kusiya chikwama patebulo chaka chathunthu, mudzachipeza atachipukuta fumbi.” Alendo ankaseka, ine n'kumanyadira. Ndikakumbukira lero ndimafuna kudzimenya mbama.

Anthu anam'khulupirira, achimwene. Oyendetsa mataxi, anamwino, aphunzitsi opuma ntchito. Ngakhale mnzanga wa kutchalitchi, MaKhuzwayo, amene amagulitsa magwinya pokwerera mataxi, anaikako ndalama za gulu lawo la maliro. Asanaike anandifunsa ine ngati mwanayo ndi wolongosoka. Ndinamuyankha kuti ndamulera ndi manja angawa. Mawu amenewo ndi amene anatsegula thumba la amayi makumi atatu.

Tsopano za makina. Zaka ziwiri zapitazo Tshiamo anandipeza ndikusita, n'kuyamba kufunsa za amayi, chinthu chimene sanachitepo. Ndinamuuza kuti kale ankasoka, koma makina awo tinagulitsa pa matenda a malemu bambo. Loweruka lotsatira anabwera ndi makina akuda aja, opukusa ndi dzanja. Ndinadabwa kuti munthu wa magalimoto anayi wagula chinthu chakale, koma iye anati zakale sizifa, komanso kumudzi kulibe magetsi. Anawanyamula yekha kupita nawo m'galaja, ati akawathire mafuta. Munthu wosadziwa ngakhale pamene timasunga simbi m'nyumba mwake! Anakhalamo ola lathunthu atatseka chitseko.

Ananditengera yekha ku Park Station, kokwerera mabasi, pagalimoto yake. A Chipwatali anawalipira iye, koma palisiti anati ndilembe dzina langa, poti mphatso ikupita kwa mayi anga. M'njira anandifunsa dzina la msewu wa kwathu ndi nambala ya nyumba. Ndinaseka, n'kumuuza kuti kwathu kulibe zimenezo, umangotsika pa Linthipe n'kufunsa anthu. Anaseka mpaka kumenya chiwongolero. Anati, “Ndiye kuti kwanuko ngakhale apolisi sangakupezeko munthu?” Ine ndinkayesa nthabwala. Ndinalira ndi chimwemwe tsiku limenelo, ndipo inu mukukumbukira mmene amayi anavinira makinawo atafika.

Chaka chatha m'Malichi zinthu zinaphulika. Anthu akafuna kutapa ndalama zawo, foni inkangowauza kuti adikire. Tshiamo anapita pa wailesi n'kunena kuti akukonza makompyuta, pofika Lachisanu zonse zikhala bwino. Analonjeza Lachisanu limenelo katatu. Kenako anthu anadzaza pakhomo la maofesi, ena atanyamula mapepala a chipatala, ena akulira. Apolisi anabwera kunyumba m'mawa iye akumwa tiyi amene ndinam'pangira ine. Anang'amba siling'i, anakumba m'maluwa, anatsegula ngakhale matumba a ufa. Sindinadziwe chimene ankafuna. Mkazi wake anatenga mwana n'kubwerera kwawo ku Durban, nyumba inalandidwa, ine n'kupeza kachipinda kakuseri kuno ku Tembisa. Malipiro a miyezi yomaliza sindinawaone, koma zimenezo ndazisiya.

Mlandu unatenga masabata asanu. Ndinkapita tsiku lililonse ndi shati yosita kuti asaoneke ngati wopanda abale. Ndinakhala pabenchi n'kumva ndi makutu anga kuti manambala a pa foni aja anali onama. Ndalama za anthu ankagulira nyumba ndi magalimoto, zina n'kumatchovera juga ya malonda ake, ndipo wina akafuna zake ankam'patsa za amene waika dzulo. Iye ataimirira anati ndi mnyamata chabe amene bizinesi inamukulira, sanafune kulakwira munthu. Ananena zimenezi atavala shati imene ndinasita ine, amayi a gulu la maliro atakhala kumbuyo kwake.

Katswiri wina wa boma anafotokoza kuti chuma chambiri anachisamutsira m'chikwama cha pa intaneti chimene kiyi wake ndi mawu khumi ndi awiri. Amene ali ndi mawuwo m'ndondomeko yake ndiye mwini chumacho, kaya ali ku Joni, kaya ali kutsidya la nyanja. Woweruza anafunsa Tshiamo kumene kuli mawuwo. Iye anati anaiwala. MaKhuzwayo anaimirira n'kukuwa kuti, “Waiwala? Tabwera kuno mwana wa Seipati, ndikukumbutse ndi chipande!” Anthu anaseka, mlonda n'kumutulutsa panja. Woweruza sanaseke. Anam'peza wolakwa pa chinyengo ndi kubisa chuma chakuba, n'kumulamula zaka khumi ndi zisanu.

Ngakhale zinali choncho ndinamumvera chisoni. Mwezi watha ndinapita kukamuona kundende, nditatenga sopo ndi masokosi. Waonda, khosi latalika. Ndinkayembekeza kuti andifunsa kumene ndikugona, kapena ngati ndapeza ntchito ina. Ayi ndithu. Mawu ake oyamba anali akuti, “Mama, makina a Gogo aja akusokabe?” Ndinati akusoka. Iye anati asawagulitse, asawapereke kwa wokonza aliyense, ndipo Kutlwano adzandiona. Zatha. Masokosi sanathokoze n'komwe.

Ndili m'taxi pobwerera ndinakumbukira chitseko cha galaja chija, ndi lisiti, ndi kuseka kuja. Ndinapitirira potsikira panga osazindikira.

Kutlwano anabwera Lamulungu lapitali nditangochoka kutchalitchi. Anatsika m'galimoto yofiira atanyamula katoni ya makina atsopano a magetsi, ati ndi a Gogo, akale aja abwerere chifukwa ndi chikumbutso cha malemu mayi awo. Ndinamuuza kuti Mme Seipati sanasokepo ngakhale batani moyo wake wonse, komanso kwathu magetsi tiwatenga kuti? Anasintha nkhani. Anati ndatopa, ndakalamba, anditengere yekha kumudzi pagalimoto ndikadye Khirisimasi ndi abale.

Ndinamuyang'ana m'maso n'kumufunsa chimene mkulu wake anaika m'makinamo. Anatseka chitseko, n'kukhala pabedi panga osapemphedwa. Anati ukapendeketsa mutu wa makina, pansi pake pali kachitsulo kosalala, kukula ngati chikhatho, komangidwa ndi masikuluwu anayi. Ukakaona ungayese n'ka kufakitale, koma kuseri kwake ndi kumene anadindako mawu aja.

“Mama, musavutike,” anatero. “Tikumangirani nyumba ya njerwa zootcha, matailosi mpaka kubafa. Mwachapa zovala za anthu mokwanira.”

Ndinati, “Iwe Kutlwano, ndinakuchotsa matewera ine. Ukufuna undimangire nyumba ndi ndalama za mabokosi a maliro? Ndizigonamo bwanji?”

Pamenepo nkhope yake inasintha. Anati ndisadzione ngati woyera. Anandifunsa kuti anatulutsa chinthucho m'dziko muno ndani, ndipo dzina la palisiti ndi la yani. Anati woweruza akamva, ndikagona kundende ya amayi, poti ndine ndinabisa. Anandikumbutsanso kuti pepala langa lokhalira kuno linatha mphamvu, ndipo foni imodzi yokha ikwanira kuti andikweze galimoto ya obwezedwa kwawo. Potuluka anatembenuka n'kunena kuti, “Linthipe si kumwamba, Mama. Galimoto imafika.” Katoni yake anaitenga.

Achimwene, zaka makumi awiri ndi chimodzi! Ndinasiya ana anga akuleredwa ndi inu kuti ndilere ana a eni. Maliro a bambo ndinafika ataika kale chifukwa Tshiamo anali ndi mayeso. Ndipo iye pondiyang'ana sankaona mayi womulera, ankaona dzenje lobisamo zakuba. Ankati Amalawi saba, ndiye anaona kuti wapeza pabwino posungira zimene waba iyeyo. Chimene chikundiwawa koposa n'chakuti sanaike pa ine ndekha. Anaika pansi pa manja a mayi wokalamba amene sanamulakwirepo, amene amam'tchula dzina m'mapemphero a Mvano Lachinayi lililonse. Zaka ziwiri amayi akhala akupukusa makina amenewo, kusoka mayunifolomu a adzukulu, pansi pake pali misozi ya anthu.

Dzulo a Chipwatali andiuza kuti mnyamata wa galimoto yofiira wakhala akuzungulira pa Park Station, kufunsa a mathiransipota njira ya ku Linthipe ndi mapepala odutsira galimoto pa chipata cha Beitbridge. Iwo anamuyankha kuti amangodziwa Blantyre. Koma a mathiransipota ndi ambiri, ndipo si onse amene angakane ya fanta.

Tshiamo ankaganiza kuti mudzi wopanda nambala ndi wobisika. Sakutidziwa. Kwathu mlendo akafunsa njira sitimuloza ndi chala, timamuperekeza. Kutlwano akangoima pa Linthipe n'kunena kuti akufuna kwa mayi ake a Elube wa ku Joni, a Nasibeko a m'golosale adzam'patsa mpando, wina adzakwera naye m'galimoto kuti asasochere pa mphambano ya kuchigayo, ndipo adzam'fikitsa pakhonde penipeni. Amayi akamva kuti ndi mng'ono wake wa bwana, adzayamba kuthamangitsa nkhuku ndi mwendo wawo womwewo. Akawakaniza makina, kapena akangochedwa kumvetsa chimene akufuna, ndani akudziwa chimene angachite? Sabwera yekha ameneyo.

Dzulo lomwelo, Lolemba, ndinapita kwa MaKhuzwayo pamalo pake pogulitsira, n'kumuuza zonse. Ndinkayembekeza kuti andithira mafuta otentha. Anangopitiriza kutembenuza magwinya mpaka anapserera. Kenako anati, “Elube, ndiwe chitsiru, koma ndiwe chitsiru chathu. Vula epuloniyo, tiye.” Anasiyira mnzake poto, n'kundigwira pamkono mpaka ku ofesi ya loya wa boma amene anayendetsa mlanduwo, mayi Padayachee.

Ndinafotokoza kuyambira pachiyambi. Mayiwo analemba zonse, n'kundifunsa mafunso omwewo kawirikawiri kuti aone ngati ndisintha. Anati chinthucho chikapezeka chili chomangidwa mmene anachimangira mwini wake, pali chiyembekezo choti anthu abwezeredweko kenakake, ngakhale si zonse. Anati njira yake ndi yolembera apolisi a kwathu, ndipo zimatenga miyezi. Ndinawauza kuti miyezi ine ndilibe, Kutlwano ali ndi galimoto, pamene a Chipwatali amatenga masiku atatu. Anavula magalasi, n'kunena kuti iwo sangandiuze chochita ndi makina a mayi anga, koma wina akabwera nawo pa ofesi yawo adzawalandira ndi mboni ziwiri.

Ndiye pempho langa ndi ili, achimwene, ndipo ndi limodzi lokha. A Chipwatali akutsika pa Linthipe Lachisanu, adzadutsanso Loweruka masana pobwerera kuno. Makinawo muwakulunge m'bulangete, muwaike m'thumba la fetereza, muwanyamule nokha panjinga, muwapereke m'manja mwawo. Osatuma munthu. Osawasiya m'golosale kuti adzawatenge.

Kachitsuloko musakamasule. Musakajambule ndi foni, musakaonetse kwa aliyense wodziwa za mafoni, ngakhale aphunzitsi. Ndikukudziwani, achimwene, chinthu chachilendo simugona nacho, mumafuna anzanu a pabawo achione. Ulendo uno dzigwireni. Munthu akangokopera mawuwo papepala, chuma chonse chapita, ndipo amene adzafunsidwe ndine. Ndikudziwanso ganizo lina limene lingakubwerereni mukayang'ana denga lanu lodontha. Inenso linandibwerera, sindinama, ndinakhala nalo tsiku lathunthu. Koma gulu la MaKhuzwayo laika anthu awiri chaka chino ndi mabokosi opempha. Mmodzi anakhala kumotchale masabata atatu abale akusonkha. Ndinalipo pa maliro amenewo, ndipo palibe amene anandipatsa moni.

Makina akachoka, amayi apite kaye kwa azakhali ku Chimbiya mpaka ndidzanene. Adzakana, adzati nkhuku zawo, adzati mbewu. Auzeni kuti ndapempha ine ndikugwada. Mukauzenso a Nasibeko ndi anyamata a kabaza kuti mlendo wa galimoto ya nambala ya ku Joni akafunsa za ife, anene kuti makina anabwerera kwa eni ake ndipo amayi anasamuka. Aka kakhale koyamba kuti anthu a pa Linthipe asaperekeze mlendo.

Amayi musawanamize kuti makina akupita kokonzetsa. Adzakhala akudikira pakhonde basi iliyonse, ndipo ine sindifuna kuwonjezera bodza langa pa mabodza a mwana uja. Auzeni zoona, pang'onopang'ono, atakhala pansi. Ngati afuna kupitiriza kumupempherera, ndi iwo ndi Mulungu wawo. Ine pakadali pano pakamwa panga sipakutha.

Chotsala n'chimodzi. Ndinafunsa mayi Padayachee za pepala langa lotha mphamvu lija. Sanandinamize. Anati adzalemba kuti ndinabwera ndekha osakakamizidwa, koma za mapepala si za ofesi yawo, ndipo dzina langa likangolowa m'mabuku a khoti, a zolowa ndi kutuluka adzaliona. Choncho mwina makinawo akafika kuno, ine ndiye ndidzanyamuka. Ndaganiza usana wonse ngati ndingapirire kubwera kumudzi ndi chikwama chimodzi patatha zaka zonsezi, anthu akuloza kuti uyo wa ku Joni uja. Ndikuopa, achimwene, sindibisa. Koma kuli bwino andiseke pa Linthipe kusiyana n'kuti ndilandire uthenga woti amayi awapeza atagwa pakhonde. Kachipinda kosungira chimanga kaja muyambe kukasesa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Nankhoma, muwauze kuti nsapato zija ndinagula koma ulendo uno sinditumiza kanthu, katundu angachedwetse a Chipwatali pa chipata. Moni kwa azakhali ndi amalume ku Chimbiya, ndipo muwathokozeretu. Moni kwa ana anga, Lusiya ndi Damiyano, musawauze zambiri mpaka ndidzawauze ndekha. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga.

Basi ya a Chipwatali imafika pa Park Station Lachiwiri. Ine ndi MaKhuzwayo tidzakhala titaima pamenepo kuyambira m'mawa. Chonde, achimwene, asadzatsike chimanjamanja.

Ndine mlongo wanu,
Elube Nachisale